Voti ya m'tchalitchi: mmene imakwezera ndi kugwetsera andale a Republican ku America

Mu Novembala 2012, anthu a m'chigawo cha Missouri ku America anavota mwanjira ziwiri zosiyana tsiku limodzi. Pa mpando wa pulezidenti, ambiri anasankha a Mitt Romney a chipani cha Republican. Pa mpando wa seneta, ovota omwewo anakana a Todd Akin a chipani chomwecho n'kusankha mayi Claire McCaskill a chipani cha Democratic, ndipo kusiyana kwake kunaposa mavoti 15 pa 100 alionse.

A Akin anali munthu wa tchalitchi weniweni. Anaphunzira kusukulu ya zaubusa, ndipo ankakana kuchotsa mimba ngakhale zitavuta chotani. Mu Ogasiti chaka chomwecho mtolankhani anawafunsa za mayi amene watenga mimba atagwiriridwa. Iwo anayankha kuti kugwirirako kukakhala kwenikweni, thupi la mkazi lili ndi njira zake zoletsera kuti mimba isakhale. Anali mawu abodza, opwetekanso kwambiri kwa aliyense amene anakumanapo ndi nkhanza zoterezi. Akuluakulu a chipani, kuphatikizapo a Romney, anawapempha kuti achoke pa mpikisano. Anakanitsitsa, ndipo anali ndi pogwira: amene anawaika pamenepo sanali akuluakuluwo ayi, koma anthu opemphera amene anawavotera pa chisankho chachipulula. Pambuyo pake mayi McCaskill anavomera okha kuti kampeni yawo inaononga ndalama kulengeza a Akin pa nthawi ya chipululayo, powatchula kuti ndi wosunga mwambo mopitirira, podziwa kuti mawu amenewo awakometsa kwa anthu a m'matchalitchi. Ankafuna kukumana ndi munthu amene angamugonjetse mosavuta.

Wandale wa Republican ali ndi zipata ziwiri zoti adutse. Choyamba ndi cha chipani, ndipo kwa zaka zoposa 40 amene akhala akulondera pamenepo ndi Akhristu osunga mwambo. Chachiwiri ndi cha dziko lonse, pamene pamaima anthu a zipembedzo zonse ndi osapembedza omwe. Mawu amene amatsegula choyambacho nthawi zina ndi omwewo amene amatseka chachiwiri.

Kodi Akhristu amenewa ndi ati? Gulu lalikulu ndi azungu a m'mipingo ya chievanjeliko, amene amadzitcha obadwa mwatsopano: a Baptist a kummwera kwa dzikolo, a Pentekosite, a Assemblies of God ndi a mipingo ikuluikulu yoima payokha. Pambali pawo pali Akatolika oumirira pa chiphunzitso cha mpingo wawo pa nkhani za banja ndi moyo, komanso a Mormon. Ndanena kuti azungu mwadala. Akhristu akuda a ku America amapemphera kwambiri kuposa azungu, amawerenga Baibulo lomwelo, ambiri amakhulupirira zofanana pa nkhani ya ukwati, koma pafupifupi 9 mwa 10 alionse amavotera Democratic. A Raphael Warnock, seneta wa Democratic wa ku Georgia, ndi m'busa wa mpingo wa Ebenezer Baptist ku Atlanta, kumene ankalalikira a Martin Luther King. Choncho si chiphunzitso chokha chimene chimatsogolera dzanja la munthu m'chipinda chovotera. Mbiri ya tsankho la khungu ilimo, ndipo ilimo kuyambira pachiyambi.

Pachiyambipo zinthu sizinali monga zilili lero. Mu 1971, msonkhano waukulu wa Southern Baptist Convention, mpingo waukulu kwambiri wa Chiprotestanti m'dzikolo, unagwirizana kuti malamulo azilola kuchotsa mimba ngati mayi wagwiriridwa, ngati mimba ili ya pachibale, kapena ngati thanzi la mayi lili pachiswe. Khothi Lalikulu litagamula mlandu wa Roe v. Wade mu Januwale 1973 n'kulola kuchotsa mimba m'dziko lonse, amene anafuula kwambiri anali Akatolika. Abusa ambiri a chievanjeliko ankaona ndale ngati zauve zimene mwana wa Mulungu sayenera kukhudza. Ndipo munthu woyamba kufika ku White House akunena poyera kuti anabadwa mwatsopano anali wa Democratic, a Jimmy Carter, mphunzitsi wa Sande sukulu wa m'tauni yaing'ono ya Plains ku Georgia, mu 1976.

Chimene chinawatembenuza ndi chiyani? Mkwiyo unali utayamba kale mu 1962 ndi 1963, pamene khothi linaletsa mapemphero ndi kuwerenga Baibulo kotsogoleredwa ndi aphunzitsi m'sukulu za boma. Kenako kunabwera nkhani ya msonkho. Makhothi atalamula kuti ana akuda ndi azungu aziphunzira pamodzi, kummwera kunabuka sukulu zambiri zoima pazokha, zambiri za mipingo, zimene munali ana a azungu okhaokha. Bungwe lotolera msonkho la IRS linayamba kulanda mwayi wosalipira msonkho kwa sukulu zatsankho. Yunivesite ya Bob Jones ku South Carolina, imene inkaletsa chibwenzi pakati pa wakuda ndi mzungu, inalandidwa mwayiwo mu 1976. Mu 1978 IRS itafuna kukhwimitsa malamulowa, inalandira makalata odandaula oposa 100,000. Olemba mbiri amatsutsanabe ngati chinayatsa moto ndi msonkhowu kapena nkhani ya mimba, ya ufulu wa amayi ndi ya amuna kapena akazi okwatirana okhaokha. Ine ndimaona kuti zonsezi zinaphikidwa pamodzi, koma amene amafotokoza mbiriyi n'kusiyamo sukulu zatsankho sakunena zoona zonse.

Mu 1979 m'busa Jerry Falwell wa ku Lynchburg, Virginia, mothandizidwa ndi katswiri wa ndale Paul Weyrich, amene anali Mkatolika, anakhazikitsa bungwe la Moral Majority. Mu Ogasiti 1980, pamsonkhano wa abusa ndi Akhristu zikwizikwi ku Dallas, a Ronald Reagan anawauza kuti akudziwa kuti iwo sangalengeze kuti ali kumbuyo kwawo, koma iwo a Reagan ali kumbuyo kwa abusawo ndi ntchito yawo. A Reagan anali atasudzulapo mkazi, sankapita kutchalitchi kawirikawiri, ndipo ali bwanamkubwa wa California anasaina lamulo lofewetsa kuchotsa mimba mu 1967. Komabe anthu a m'matchalitchi anasiya mphunzitsi wa Sande sukulu uja n'kutsata iwo. Kuyambira tsiku limenelo zinaoneka kuti gululi silifuna woyera mtima kwenikweni. Lifuna amene adzachite zofuna zake.

Mphamvu yawo imachokera kuti, poti si ambiri chotero? Kafukufuku wa bungwe la PRRI, lofufuza za zipembedzo ndi maganizo a anthu, anapeza kuti azungu a chievanjeliko anali 23 mwa anthu 100 alionse a m'dzikolo mu 2006, ndipo pofika 2020 anali atatsika kufika pafupifupi 14. Yankho lake ndi loti amavota, ndipo amavota pamodzi. Pa zisankho za pulezidenti za posachedwapa, pafupifupi 8 mwa 10 alionse a iwo akhala akuvotera Republican, moti mavoti osachepera gawo limodzi mwa magawo atatu a chipanichi amachokera kwa iwo. Palibe gulu lina m'chipanimo lofika pamenepo.

Koma chachikulu ndi chisankho chachipulula. Ku America woimira chipani sasankhidwa ndi makomiti kapena ndi mtsogoleri wa chipani. Amasankhidwa ndi anthu wamba amene abwera kudzavota tsikulo. Ndipo amabwera ochepa. Pa zaka zimene kulibe chisankho cha pulezidenti, nthawi zambiri ndi munthu mmodzi yekha mwa asanu oyenera kuvota amene amafika ku chipulula. Amene amadzuka pa tsiku lotere ndi amene nkhaniyo yamuyaka mumtima, ndiponso amene ali ndi womukumbutsa. Tchalitchi chimasonkhanitsa anthu omwewo sabata ndi sabata, chili ndi mndandanda wa mayina, magalimoto, magulu a amayi, wailesi ndi ma TV ake. Palibe chipani chimene chingagule dongosolo lotere ndi ndalama. Lamulo la mu 1954 lotchedwa Johnson Amendment linaletsa mabungwe osalipira msonkho kulengeza munthu woti avoteredwe, koma bungwe la Christian Coalition, limene a Pat Robertson anayambitsa mu 1989 n'kulipereka m'manja mwa a Ralph Reed, linapeza njira. Linkasindikiza timapepala mamiliyoni ambiri toonetsa maganizo a wopikisana aliyense pa nkhani ya mimba, mapemphero m'sukulu ndi zina, n'kukatigawa m'matchalitchi Lamulungu loyandikira chisankho. Timapepalato sitinkanena kuti voterani uyu. Panalibenso chifukwa chonenera.

Onjezerani apa kamangidwe ka dziko. Mwa mipando 435 ya nyumba ya malamulo yaing'ono, yambiri malire ake anadulidwa moti chipani chopambana chimadziwikiratu. Yopikisanirana zenizeni ndi makumi ochepa chabe. M'madera otsalawo phungu saopa chipani china, amaopa mnzake wa m'chipani momwemo amene angamutche wofooka pa chikhulupiriro. Ku Senate nako chigawo chilichonse chili ndi maseneta awiri, kaya ndi Wyoming wa anthu osafika 600,000 kapena California wa anthu pafupifupi 39 miliyoni, ndipo zigawo zambiri za anthu ochepa ndi zakumidzi kumene tchalitchi chili ndi mawu. Ngakhale ulendo wosankha woimira chipani pa upulezidenti umayambira ku Iowa, kumene oposa theka la a Republican obwera kudzasankha amakhala a chievanjeliko.

Chochititsa chidwi ndi choti Iowa sakonda kubereka pulezidenti. A Robertson anakhala achiwiri kumeneko mu 1988, pamwamba pa a George H. W. Bush. M'busa Mike Huckabee anapambana mu 2008, a Rick Santorum mu 2012, a Ted Cruz, mwana wa mlaliki, mu 2016. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzaimira chipani. Gululi silinathe kuveka munthu wake chisoti, koma linkatha kukaniza amene silikumufuna, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. A Rudy Giuliani, meya wakale wa New York, anatsogola pa kafukufuku pafupifupi chaka chonse cha 2007, koma poti ankavomereza ufulu wochotsa mimba, anagwa zipulula zitangoyamba. A John McCain mu 2000 anatcha a Falwell ndi a Robertson anthu ofesa tsankho, ndipo anagonja. Mu 2006 anapita kukalankhula kuyunivesite ya a Falwell ya Liberty, ndipo mu 2008 anatenga mayi Sarah Palin, okondedwa ndi Akhristu osunga mwambo, kukhala wachiwiri wawo. A Bush aakulu, a Romney, ngakhale a Donald Trump amene mu 1999 ananena pa TV kuti amaikira kumbuyo kwambiri ufulu wa mayi wosankha, onse anasintha maganizo pa nkhani ya mimba asanafike pa chipata cha chipani.

Kodi chipani chinapindula kapena chinaluza? Zonse ziwiri. Mu 2004 a George W. Bush anatenga mavoti 78 pa 100 a azungu a chievanjeliko, pa tsiku limene zigawo 11 zinkavotanso zoletsa ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha, ndipo anapambana. Popanda anthu amenewa palibe wa Republican akanalowa ku White House zaka za posachedwapa. Koma mipando imene inatayika ndi yoonekanso. Chaka cha a Akin chomwecho, ku Indiana, a Richard Mourdock anagwetsa pa chipulula seneta Richard Lugar amene anakhala pampando zaka 36, kenako ananena pa mtsutso kuti mimba yobwera mwa kugwiriridwa ndi chinthu chimene Mulungu anafuna kuti chichitike. Mpandowo unapita ku Democratic. Mu 2017 ku Alabama, chigawo chimene chinali chisanasankhe seneta wa Democratic kwa zaka 25, a Roy Moore, jaji amene anachotsedwa paudindo mu 2003 chifukwa chokana kuchotsa mwala wa Malamulo Khumi m'nyumba ya khothi, anapambana chipulula. Amayi angapo atanena kuti a Moore ankawafuna ali atsikana achichepere, zimene iwo anakana, anagonja kwa a Doug Jones. Azungu a chievanjeliko ambiri anawavoterabe. Mu 2022 a Doug Mastriano, amene kampeni yawo inkamveka ngati chitsitsimutso, anagonja pa ubwanamkubwa wa Pennsylvania ndi mavoti pafupifupi 15 pa 100, m'chigawo chimene pa upulezidenti zipani ziwirizi zimasiyana pang'ono zedi.

A Trump ndiwo anasintha nkhani yonse. Munthu wokwatira katatu, mwini nyumba za juga, amene mu Okutobala 2016 anamveka pa tepi yakale akudzitama kuti amagwira akazi popanda chilolezo, anatenga mavoti pafupifupi 81 pa 100 a gululi. Mu 2011 PRRI inafunsa ngati wandale wochita zachisawawa pa moyo wake wamseri angathe kugwira ntchito ya boma mokhulupirika, ndipo azungu a chievanjeliko 30 okha pa 100 anavomera. Mu 2016 anavomera 72. Anthu amene anafuna kuti a Bill Clinton achoke chifukwa cha chigololo anasintha muyeso m'zaka zisanu. Kwa ine, monga munthu amene amalemekeza guwa, apa ndi pamene pali chilonda chachikulu cha nkhaniyi, ndipo achinyamata ambiri amene asiya matchalitchi amenewa amatchula ndale ngati chimodzi mwa zifukwa.

Komabe sitinganene kuti anapusitsidwa. Jaji Antonin Scalia atamwalira mu Febuluwale 2016, mpando unatsala wopanda munthu ku Khothi Lalikulu. A Trump anatulutsa mndandanda wa mayina a majaji amene adzasankhemo, anatenga a Mike Pence, Mkhristu wa chievanjeliko, kukhala wachiwiri wawo, ndipo anasunga lonjezo: Neil Gorsuch mu 2017, Brett Kavanaugh mu 2018, Amy Coney Barrett mu 2020. Anasamutsiranso ofesi ya kazembe wa America ku Jerusalem mu 2018. Pa 24 Juni 2022, pa mlandu wa Dobbs, khothi linafafaniza Roe v. Wade. Chimene a Reagan ndi a Bush onse awiri sanapereke, anapereka ndi munthu amene sankadziwika ngati wa tchalitchi.

Chipambano chimenecho ndicho chinaulula kuti chipata chachiwiri n'chopapatiza bwanji. Nkhani ya mimba itabwerera kwa ovota, mu Ogasiti 2022 anthu a ku Kansas, chigawo chimene sichinavoterepo pulezidenti wa Democratic chiyambire 1964, anakana kufafaniza ufulu wochotsa mimba m'malamulo aakulu a chigawo chawo ndi mavoti 59 pa 100. Kentucky inatsatira, Michigan, kenako Ohio mu 2023. Mu 2024 Missouri wa a Akin uja anavotera a Trump, n'kuvoteranso ufulu wochotsa mimba tsiku lomwelo. Ku Florida 57 pa 100 anavomera, kungoti lamulo limafuna 60. Ku South Dakota ndi Nebraska okana kuchotsa mimba ndiwo anapambana, choncho si paliponse. Koma uthenga unamveka: a Republican ambiri, ngakhale opemphera, akawafunsa funsoli palokha popanda dzina la chipani, amayankha mosiyana ndi abusa awo. Khothi la ku Alabama litagamula mu Febuluwale 2024 kuti mazira a mayi amene aphatikizidwa kale ndi mbewu ya bambo n'kusungidwa kuchipatala ndi ana, zipatala zothandiza osabereka zinaimitsa ntchito, ndipo aphungu a Republican omwe anathamanga kukonza lamulo loziteteza m'masabata ochepa.

A Trump anawerenga zonsezi msanga. Bwanamkubwa Ron DeSantis atasaina lamulo loletsa kuchotsa mimba yopitirira masabata 6 ku Florida, a Trump anati ndi cholakwika chachikulu. Mtsogoleri wotchuka wa Akhristu a ku Iowa, a Bob Vander Plaats, anaima ndi a DeSantis, koma a Trump anapambana ku Iowa mu Januwale 2024 ndi mavoti 51 pa 100. A Pence, Mkhristu wa gululi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anali atasiya kale mpikisano voti ngakhale imodzi isanaponyedwe. Mu Julayi manifesito ya chipani inafewetsa mawu amene anakhalamo zaka pafupifupi 40 ofuna kuti kuchotsa mimba kuletsedwe m'dziko lonse, n'kusiyira nkhaniyo zigawo. Atsogoleri ena a mabungwe oteteza ana osabadwa anadandaula. Mu Novembala anthu awo anavotera a Trump monga kale, 8 mwa 10.

Apa m'pamene ndimaona kuti zinthu zatembenuka. Mu 1980 wandale ndiye ankapita kwa abusa kukapempha. Lero m'busa amene angadzudzule mtsogoleri wa chipani ndiye amene amaopa kutaya nkhosa zake. A Russell Moore, amene ankatsogolera nthambi yoona za chikhalidwe ya Southern Baptist Convention, anadzudzula a Trump mu 2016, ndipo pofika 2021 anali atachoka pa udindowo. Gulu limene ladzimangirira ku chipani chimodzi kwa zaka 40 silingathenso kuopseza kuti lichoka, chifukwa aliyense akudziwa kuti lilibe kolowera.

Kulowera ku Democratic n'kovuta chifukwa chipanicho nacho chinatseka khomo lake. Mu 1992 bwanamkubwa wa Pennsylvania, a Bob Casey, Mkatolika wokana kuchotsa mimba, sanapatsidwe mpata wolankhula pamsonkhano waukulu wa chipani. Mu 2020 phungu Dan Lipinski wa ku Illinois, mmodzi mwa otsala ochepa a maganizo amenewo, anagwetsedwa pa chipulula. Anthu osapembedza, amene tsopano ali pafupifupi 3 mwa 10 alionse a m'dzikolo, ambiri amavotera Democratic, ndipo chipanicho chimavutika kulankhula ndi iwo pamodzi ndi amayi akuda a m'makwaya ndi Akatolika ochokera ku Latin America. Mu 2024 ambiri mwa a ku Latin America amenewa anasunthira kwa a Trump kuposa kale.

Mkangano umenewu umafika mpaka pa khomo la chipatala kwathu kuno. Mu 1984 a Reagan anakhazikitsa lamulo lotchedwa Mexico City Policy, loti bungwe la kunja lolandira ndalama za kulera za America lisachotse mimba kapena kulangiza za kuchotsa mimba, ngakhale ndi ndalama zake zochokera kwina. A Clinton analichotsa mu 1993, a Bush analibweza mu 2001, a Obama analichotsa mu 2009, a Trump analibweza mu 2017 n'kulikulitsa kuti likhudze pafupifupi thandizo lonse la zaumoyo, a Biden analichotsa mu 2021, ndipo a Trump analibwezanso mu Januwale 2025. Mabungwe monga MSI, kholo la Banja La Mtsogolo, amakana kusaina, ndipo ndalama za America zimawadutsa. Ndi mphatso yotchipa kwa pulezidenti wa Republican: imakondweretsa ovota a m'tchalitchi, ndipo amene imawakhudza savota ku America.

Koma anthu omwewa tiyeneranso kuwayamika pa chinthu chachikulu. Ndondomeko yolimbana ndi Edzi ya PEPFAR, imene a George W. Bush anayambitsa mu 2003 ndi madola 15 biliyoni pa zaka zisanu, ndipo yathandiza kuti abale athu ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique akhale ndi moyo pa ma ARV, inadutsa m'nyumba ya malamulo chifukwa Akhristu osunga mwambo anaikankha. Amishonale awo anali ataona maliro a Edzi ndi maso awo. Ngakhale seneta Jesse Helms, amene kwa zaka zambiri ankatsutsa ndalama zolimbana ndi Edzi, ananena mu 2002 kuti akuchita manyazi kuti anachita zochepa. Anaikamo zofuna zawo, monga kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zopewera matenda lipite ku maphunziro a kudziletsa mpaka ukwati, koma mankhwala anabwera.

Patapita zaka 20, mu 2023, mabungwe ena okana kuchotsa mimba ananena kuti ndalama za PEPFAR zikupita kwa mabungwe olimbikitsa mchitidwewo, ndipo aphungu a Republican, poopa kulembedwa kuti avotera kuchotsa mimba, anakana kuivomerezanso kwa zaka zisanu monga ankachitira kale. Anangoipatsa chaka chimodzi. Mu Januwale 2025 boma la a Trump linaimitsa thandizo la kunja, ndipo pofika pakati pa chaka bungwe la USAID linali litatsekedwa. Mabungwe achikhristu ogwira ntchito m'zipatala za ku Africa anachonderera, ena a iwo atachotsa kale antchito awo. Mu Julayi maseneta angapo a Republican anakwanitsa kupulumutsa madola 400 miliyoni a PEPFAR amene boma linkafuna kudula, ndipo amene anatsogolera kukana kudulako anali mayi Susan Collins a ku Maine, mmodzi mwa a Republican ochepa otsala amene amavomereza ufulu wochotsa mimba.